Mpunga Wanga Anaukana Pagulu

Ine ndine Asma Omari wa kuno ku Lifuwu, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti sindine munthu wopepesa msanga. Ndalima mpunga mu sikimu muno zaka zoposa makumi anayi. Ndakanganapo ndi amuna akuluakulu pankhani ya madzi mpaka iwo kuthawa, khasu n'kulisiya m'ngalande. Koma chaka chatha ndinaima pamaso pa anthu odzaza holo, ndikupepesa chifukwa cha thumba la mpunga. Mpunga wanga womwe, wolima ndekha. Pang'onong'ono ndikanamutayitsa mwana wanga udindo umene anaudikira zaka zisanu ndi chimodzi.

Mwana wangayo ndi Karima, woyamba kubadwa. Wagwira ntchito m'boma zaka makumi awiri ndi ziwiri, mu unduna wina ku Lilongwe, dzina lake lalitali lija ine ndinasiya kalekale kuvutika nalo. Bwana wamkulu wa nthambi yawo atapuma ntchito, anamuuza Karima kuti agwirizire mpandowo. Anagwirizira. Patapita chaka tinangomva pa wailesi kuti mpandowo apatsa bambo wina amene anthu a mu ofesimo sankamudziwa ndi nkhope yomwe. Karima anamuphunzitsa ntchito bamboyo, mafayilo ndi awa, makiyi ndi awa, ndipo atangoyamba kuidziwa anamusamutsa. "Karima, gwirizira." Anagwiriziranso. Katatu konse, abale! Palibe anamuuzapo kuti walephera pati, kapena kuti winayo wamuposa pati. Dzina linkangotuluka pa wailesi basi, nkhani n'kutha.

Ndiye atandiimbira foni kuti ulendo uno zasintha, ine ndinaseka. Akuti mpandowo aulengeza m'nyuzipepala kuti aliyense woyenera alembere. Akuti alemba mayeso papepala lopanda dzina, nambala yokha, kuti wochonga asadziwe kuti ndi mwana wa ndani. Akuti maina a anthu asanu amene apambana awatulutsa poyera, ndipo lake lilipo. Mafunso omaliza akuti akachitikira pa hotela ina ku Senga Bay, kwathu konkuno, chitseko chili chotsegula, aliyense wofuna kumva alowe, ndipo malikisi akawalemba pabolodi anthu akuona.

"Ndiye amayi, chonde," anatero, "inu musachite chilichonse. Ingondipangirani dua, mundipempherere basi."

"Ndichite chiyani ine, mlimi wa mpunga?" ndinamuyankha. Ndipo pa nthawi imeneyo ndinkanena zoona.

Amene anandisokoneza mutu ndi a Gladys, anzanga a ndime yoyandikana ndi yanga. Sindikuwanamizira, okha amavomera. Tinali pa chigayo chopunthira mpunga tikudikira matumba athu, ine n'kumawafotokozera nkhaniyi monyadira. Iwo anangopukusa mutu n'kutsonya.

"Make Karima, inu munthu wamkulu mukukhulupirira zimenezo? Chitseko chotsegulacho n'chotiphimba m'maso ife. Nkhani zenizeni zimathera kuseri. Anzake anayiwo mukuganiza kuti abale awo angokhala manja lende? Wina wapita kale ndi mbuzi, mudzandiuza. Inu alendo abwera pakhomo panu penipeni, osawapatsa ngakhale moni?"

Mawu akuti moniwo ndi amene anandilasa. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka akafika sitimuyang'ana chimanjamanja. Alangizi akabwera kudzaona ngalande timawapatsira mpunga. A Shehe akachokera kutali, mpunga. Mphunzitsi watsopano akafika, mpunga. Si ziphuphu zimenezo, ndi ulemu, ndimo tinakulira. Ndinadziuza choncho njira yonse yobwerera kunyumba. Koma poti lero ndikunena zonse, ndinene: pansi pa mtima ndinkafuna kuti mpungawo ukalankhule. Ndinkafuna kuti wapampando wa komiti yofunsa mafunsoyo akamadya, fungo likamukumbutse kuti ku Lifuwu kuli mwana amene wadikira mokwanira.

Ndinasankha Kilombero weniweni, wa ndime yapakati, uja ukamaphika anthu a nyumba yachitatu amayamba kubwera kudzapempha mchere. Ndinaupeta ndekha kawiri, n'kutola timiyala ndi tosweka tonse mpaka msana kuwawa. Ndinauthira m'thumba laling'ono, la makilo makumi awiri ndi asanu, n'kusoka pakamwa pake ndi chingwe chobiriwira, kasokedwe kanga kopingasa kamene Lifuwu yense amakadziwa. Lolemba m'mawa mlamu wanga Abdulkarim, nkhalamba inzanga, anandikweza panjinga yake yamoto, thumba lili pakati pathu. Sanafunse, inenso sindinamuuze.

Pa hotelapo ndinapeza mayi wolandira alendo. Ndinati, "Ichi mukawapatse mayi wapampando wa komiti yolemba ntchito ija. Akafunsa mungoti chachokera kwa mayi wina wa kumudzi kuno, wati takulandirani." Mayiyo anandiyang'ana, anayang'ana thumba, n'kulemba kanthu m'buku lake. Ine ndinatuluka ndikudziona wochenjera kwabasi. Dzina sindinatchule. Akafuna kudziwa afufuza okha pang'onopang'ono, mwaulemu.

Kupusa kwanga! Pa chigayo chathu matumba amasokonekera, ndiye aliyense amalemba dzina lake pathumba ndi penti. Pamatumba anga ndinalemba ndekha, zilembo zikuluzikulu zofiira zoti munthu aziona ali patali: ASMA OMARI, LIFUWU. Dzinalo ndaliona tsiku ndi tsiku mpaka maso anasiya kuliona. Ndipo pa anthu asanu aja, Omari analipo mmodzi yekha.

Karima anafika Lachiwiri masana kuti agone kwathu, mawa lake akalowe mafunso. Anali atawonda, maso ali psuu ndi kuwerenga. Ndinamuphikira chambo, tinadya, tinaswali. Ndikanangokhala chete, koma pakamwa pangapa simukupadziwa. Ndikutsuka mbale ndinati, "Usade nkhawa, mwanawe. Alendo ako aja ndawapatsa kale moni."

Anasiya kapu imene ankapukuta. "Moni wanji, amayi?"

Ndinamufotokozera, ndikumwetulira ndithu, ndikudikira kuti andithokoze. Iye anakhala pansi, osati pampando ayi, padothi penipeni ndi siketi yake ya ku ofesi, n'kugwira mutu.

"Amayi, mwandipha."

"Ndakupha bwanji? Ndi mpunga?"

"Ndinasayina fomu, amayi. Tonse asanu tinasayina. Mphatso iliyonse yopita kwa a komiti, kaya yachokera kwa ine kaya kwa m'bale wanga, dzina langa akhoza kulichotsa pomwepo. Ndipo iwo chilichonse chimene alandira ayenera kuchiulula pagulu. Zaka zonsezi ndakhala ndikulira kuti zinthu zizichitika poyera. Lero zayamba kuchitika poyera, woyamba kugwidwa ndikhale ine?"

"Dzina sindinatchule," ndinatero.

"Munathira m'thumba liti?"

Pamenepo m'pomwe zilembo zofiira zija zinandibwerera m'maso. Mbale inandipulumuka m'manja, mwayi inali yachitsulo.

Koma ine ndikachita mantha ndimasanduka waukali, ndi chilema changa chimenecho. Ndinayamba kukuwa. Ndinati Abdulkarim apite pompano akalitenge thumbalo mwakachetechete, tinene kuti linasochera, linali la kukhitchini ya hotela. Ndinati ndikamunyengerera mayi wolandira alendo uja ang'ambe tsamba la m'buku lake. Karima anangondiyang'ana, n'kutulutsa pepala ndi cholembera m'chikwama.

"Ukulemba chiyani?"

"Kalata kwa mlembi wa komiti. Ndikuwauza zimene zachitika, ndendende."

"Ukukandineneza? Ine mayi ako? Ndinawokera mpunga iwe uli kumsana, misundu ikundiyamwa miyendo, lero ukandilembe papepala ngati wakuba?"

Misozi inkatsika m'masaya mwake koma dzanja silinaime. "Amayi, ndikabisa ndiye kuti ndagwirizana nazo. Ndikangonama kamodzi mawa, mpandowo ngakhale andipatse sindiufunanso. Bola andichotse ndikunena zoona."

Anapinda kalatayo n'kutuluka kukakwera galimoto ya ku Senga Bay. Atabwerako madzulo sitinalankhulane. Ndinamukwiyira iyeyo, ndinawakwiyira a Gladys, ndinakwiyira boma ndi mafomu ake. Munthu mmodzi yekha amene ndinkamulambalala anali ine mwini.

Lachitatu m'mawa anati, "Musapite, amayi. Akakuchititsani manyazi."

Ndinamanga mpango wanga wa pa Idi. "Thumba ndi langa, dzina ndi langa. Ndipita."

Holo inali yodzaza. Munali atolankhani ndi makamera awo, ogwira ntchito m'boma, ndi anthu wamba amene anangomva kuti lero mabwana akufunsidwa mafunso ngati ana a sukulu, kulowa ndi ulere. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, anthu asanu a komiti atakhala. Karima ndi anzake anayi aja anakhala mzere woyamba, atatipatsa msana. Ndipo pambali pa tebulopo, Subhanallah, thumba langa. Analikhazika pampando ngati nalonso labwera kudzafunsidwa, dzina litayang'ana kwa anthu. Ndinayang'anayang'ana holo yonse kufuna mbuzi imene a Gladys ankanena ija. Kunalibe mbuzi. Kunalibe ngakhale nkhuku. Linali thumba langa lokha.

Wapampandoyo anali mayi wamfupi waimvi, wamagalasi, dzina lake Rosemary Phambala. Sankakweza mawu koma holo yonse inkamumva. Anati asanayambe mafunso, aliyense wa komiti anene pagulu ngati walandira kanthu kapena ngati wina wamupempha kuti akondere munthu. Awiri anati palibe. Wina anati ali ndi mlamu mu unduna womwewo koma sali pa anthu asanuwa. Wina anati munthu wosadziwika anamuimbira foni n'kuyamba kuti pali mnyamata wathu pamenepo, iye anadula foni asanamalize, ndipo nambala yake anaiwerenga pagulu, atolankhani akulemba.

"Ine," anatero Mayi Phambala, "ndalandira ichi." Analoza thumba. Anawerenga tsiku ndi nthawi imene linafika, kuchokera m'buku la mayi wolandira alendo uja. Kenako anatenga pepala lina. "Dzulo masana, komiti isanafunse munthu aliyense, tinalandiranso kalata iyi kuchokera kwa Mayi Karima Omari." Anaiwerenga yonse. Inali yaifupi. Mwana wanga sananditukwane m'kalatamo, komanso sanandibise. Analemba kuti amayi anga achita ichi ine osadziwa, ndadziwa lero, ndipo chigamulo chilichonse chimene komiti ipereke ndichilandira.

"Kodi Mayi Asma Omari alipo muno?"

Ndinaimirira. Makamera onse anatembenukira kwa ine. Wallahi, ndinkalakalaka pansi patang'ambika.

"Mayi, thumba ili ndi lanu?"

"Ndi langa. Dzina mukulionalo."

Anthu anaseka. Mayi Phambala sanaseke. "Mwana wanu anakutumani?"

"Sananditume. Anandiletsa ndithu, anati ndisachite chilichonse. Ine ndi amene sindimamva."

"Nanga munalibweretseranji?"

Yankho linali lokonzeka kale pakamwa: ulemu, mwambo wathu, mlendo timamulandira. Ndinayamba nalo ndithu. Ndinati kwathu ku Lifuwu ngakhale mphunzitsi watsopano timamupatsa mpunga, ndipo anthu ena m'holomo anayamba kugwedeza mitu kuvomereza. Ndikanathera pomwepo ndikanatuluka ngati mayi wachikulire wosadziwa malamulo. Koma ndinaona msana wa Karima. Anali atakhala chowongoka, osatembenuka, khosi lili gwa. Mwana ameneyu dzulo lake anasankha kutaya mpando m'malo monama, ndiye ine mayi wake ndiname kuti nditeteze nkhope yanga yamakwinyayi?

"Koma si zokhazo," ndinatero. "Theka linali ulemu. Theka linalo ndinkafuna kukugulani. Mwanayu wagwirizira mpandowu katatu, ndipo katatu konse tinamva dzina la munthu wina pa wailesi, popanda wotiuza chifukwa chake. Nditamva kuti ulendo uno muchita poyera sindinakhulupirire. Ndinaganiza kuti chitseko chakumaso n'chongoonetsa, chenicheni ndi chakuseri, ndiye ndinathamangira chakuseri. Ndalakwa ndine. Ngati pali wolangidwa, langani ine. Pepani."

Kenako bambo wina wa komiti, wamtali wa tayi yofiira, dzina lake Lawson Kadzuwa, anakoka chokuzira mawu. Anati mayiwa anena zoona ndipo akuwalemekeza, koma lamulo ndi lamulo. Anati tikakhululukira mpunga lero, mawa wina adzabweretsa galimoto n'kunena kuti anatumiza ndi amalume ake iye osadziwa. Anati anthu anayi enawa abale awo anakhala kunyumba, nanga iwowa alakwa chiyani? Ndinkafuna kumugenda ndi nsapato bambo ameneyo. Choipa kwambiri n'chakuti ankanena zoona.

Mayi wina wa komitiyo anatsegula fomu ija n'kuwerenga mzere wachiwiri, umene unkati munthu akadziulula yekha asanafunsidwe, komiti iyenera kuona ngati iye mwini anatengapo mbali. Anakambirana pomwepo, ife tikumva liwu lililonse. Sanapite kuchipinda china, sananong'onezane. Mayi Phambala anati poti thumbalo linabwera m'dzina lawo, iwo saponya voti, ndipo tsiku lonselo sapereka malikisi kwa aliyense mwa asanuwo, apereke anzawo anayi. Kenako anati amene akuti Karima Omari apitirire akweze dzanja.

Ndinatseka maso, n'kutsegula diso limodzi. Dzanja limodzi. Lachiwiri. Lachitatu linachedwa, mwini wake ankayang'anabe pafomu. Kenako linakwera. Bambo Kadzuwa manja awo anali patebulo, ndipo mlembi analemba kuti atatu avomera, mmodzi wakana, maina awo n'kuwatchula.

"Mayi Omari akulu," anatero wapampando, "tengani thumba lanu pompano, anthu aone kuti latuluka losamasula."

Ndinayenda kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, ulendo wautali kuposa wa ku Chipoka. Karima anayamba kudzuka kuti andithandize. "Khala pansi iwe," ndinamuuza, "usalikhudze." Ndinapinda nkhata ndi chitenje, ndinawerama, koma msana wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu suli ngati wa kale. Thumba linakana. Amene anadzuka kudzanditwika anali Bambo Kadzuwa omwe aja. Analinyamula bwinobwino ngati munthu wokulira kumudzi, n'kunena chapansipansi, "Mwalisoka bwino, mayi." Ndinatuluka nalo pamutu pakati pa anthu onse aja, dzina langa lofiira likuwerengedwa ndi aliyense.

Panja ndinalitula pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi zenera, n'kukhalapo. Kubwerera m'kati sindikanatha. Mwayi zokuzira mawu zinkamveka mpaka panja, ndiye ndinamva onse asanu akufunsidwa, mafunso ofanana, nthawi yofanana. Awiri oyamba anali akatswiri ndithu, mtima wanga unatsika. Wachitatu ankazungulira kwambiri. Karima anali wachinayi.

Abale, ndinamubereka mwana ameneyu koma sindinkamudziwa. Ine ndinkangoti amagwira mu ofesi. Ndinamumva akufotokoza mmene anapezera maina a anthu omwalira kalekale amene ankalandirabe malipiro, mmene anawachotsera ngakhale ena ankamuopseza. Ankatchula zaka ndi maboma osayang'ana papepala. Pomwe sankadziwa ankanena kuti apa sindikudziwa, koma ndingafufuze chonchi. Ine nditakhala pathumba langa ndinadzifunsa kuti munthu ngati ameneyu ndinkafuna kumuthandiza ndi mpunga?

Funso lomaliza anafunsa Bambo Kadzuwa. "Mukakhala pampandowu, amayi anu akadzabwera kudzapemphera mwana wa mnzawo ntchito, mudzatani?"

"Ndidzawaphikira tiyi," anatero Karima, "n'kuwapatsa nyuzipepala imene mwalengezedwa ntchitoyo, akamupatse mwanayo alembere."

Holo inaseka. Inenso ndinaseka panja ndekha, misozi ikulowa m'kamwa.

Dzuwa litapendeka anayamba kulemba malikisi. Ndinadzuka n'kusuzumira pazenera. Aliyense wa a komiti anayi aja ankawerenga yekha malikisi amene wapereka, mlembi n'kumalemba pabolodi. Kenako anang'amba envulopu ya mayeso olemba aja, n'kuuza anthu kuti nambala yakuti ndi ya uje. Kuphatikiza sindimachedwa, ndagulitsa mpunga moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo manambala ankavina. Ndinangomva wapampando akuti woyamba ndi Karima Omari, waposa wachiwiri ndi malikisi atatu. Atatu okha! Ndipo pa a komiti anayi aja, amene anamupatsa ochepa anali Bambo Kadzuwa, koma ngakhale kwa iwowo palibe wina anamuposa. Bambo amene anakhala wachiwiri anapita pabolodi, anayang'ana kanthawi, n'kubwera kudzamugwira chanza mwana wanga. Ankadziwa pomwe waperewera, zinali zolembedwa.

Ndinabwerera pathumba langa n'kukhala. Alhamdulillah, ndinatero, Alhamdulillah, mpaka sindikudziwa kangati. Ndinamva thupi lonse kupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Koma sizinathere pomwepo. Komiti inangopereka dzina ndi malikisi kwa akuluakulu, kalata yeniyeni inayenera kuchokera ku Lilongwe. Inatenga masabata asanu ndi awiri. Nthawi yonseyo wailesi ndinkaiopa. Ikangoyamba nkhani ndinkatuluka panja, kenako n'kubwerera kudzaima pakhomo. Thumba lija ndinaliika pakona m'chipinda, pamwamba pa njerwa, osalikhudza. Malikisi aja anali atatuluka m'nyuzipepala, Karima ankati amayi, ulendo uno akafuna kusintha ayenera kufotokozera dziko lonse chifukwa chake. Ine ndinkangoti Inshallah. Tsiku lina masana ndikupeta, wailesi inatchula dzina. Linali lake. Lichero ndinalitaya, nkhuku zinachita phwando.

Mawa lake pa chigayo, a Gladys anandikumbatira n'kundinong'oneza, "Ndinakuuzani, make Karima! Mpunga uja unagwira ntchito." Ndinati mpunga uti, poti anaubweza pagulu? Iwo anatsinzina diso limodzi. Akuti anthu akunena kuti zobwezazo zinali za makamera, thumbalo linabwerera kuhotela tsiku lomwelo podzera kuseri. Magazi anandiwira. Ndiye kuti mwana wanga avutike zaka makumi awiri ndi ziwiri, ayankhe mafunso pamaso pa dziko, anthu azidzati anamugulira ndi Kilombero?

Loweruka Karima atabwera kumudzi, ndinaitana anthu: a Gladys, Abdulkarim, azimayi a ku sikimu ndi onse amene ndinamva kuti pakamwa pawo pakuyabwa. Ndinalikoka thumbalo mpaka pakhonde, n'kuwapatsa a Gladys mpeni.

"Taonani kaye chingwecho. N'cha mtundu wanji?"

"Chobiriwira."

"Kasokedweko n'ka ndani?"

"Kanu, make Karima."

"Pali pomwe pamasulidwapo?"

Analizungulira thumbalo, anapapasa, n'kuseka mwamanyazi. "Palibe."

"Dulani nokha. Ndipo mukaphike ndinu, poti nzeru inali yanu."

Anaphika, ndipo fungo linafika mpaka kumsewu. Anthu anadya, anaseka, ena anandiyerekeza mmene ndinayendera ndi thumba pamutu, ine n'kuwasiya. Karima anakhala pamkeka pambali panga akudya mwakachetechete. Chichokereni tsiku lija analemba kalata yondiulula, tinali tisanaikambepo nkhaniyo. Ndinayesa kawiri, kachitatu n'kulimba mtima.

"Karima," ndinatero, "kalata ija unachita bwino. Ine ndinalakwa. Undikhululukire, mwanawe."

Anasiya kudya. "Amayi, katatu konse anandikana, sindinadziwe chifukwa chake. Ulendo uno andipatsa, ndipo ndikudziwa chifukwa chake, chili pabolodi. Akanaulandira mpungawu, ine ndi inu sitikanadziwa mpaka kufa ngati wapambana ndi ine kapena mpunga."

Anandigwira dzanja kanthawi, kenako anandikankhira mbale yake. "Onjezerani. Ndi wokoma."

Ndinamuwonjezera. Mpunga ndalima wochuluka moyo wanga, ndipo palibe amene anaukanapo. Umenewu wokha anaukana, ndipo mpaka lero ndikaswali ndimathokoza.